Elafonisi, gombe la mchenga wa pinki ku Crete: mafunso a munthu wopitako koyamba

Chibwerereni kuchokera ku Crete, sabata simatha popanda wina kunditumizira chithunzi cha gombe la Elafonisi pa WhatsApp n'kufunsa kuti, "Zimenezi n'zenizeni kapena zokonza pa kompyuta?" Ena amafunsa za viza, ena za basi. Azakhali anga funso lawo linali limodzi lokha: kodi ng'ona kulibe? Ndasonkhanitsa mafunsowo pano kuti ndisamangobwereza chimodzimodzi kwa aliyense. Safunsa anadya phula.

Kodi Elafonisi ali pati kwenikweni?

Ali pa ngodya ya kumwera chakumadzulo kwa Crete, chilumba chachikulu kuposa zilumba zonse za dziko la Greece. Crete ndi wamtali ngati chikwanje chogoneka pansi, makilomita pafupifupi 260 kuchoka kum'mawa kukafika kumadzulo, ndipo kumakhala anthu oposa 600,000. Owerenga Baibulo amamudziwa kale: ndi kumene Paulo anasiya Tito, ndipo namondwe wa pa Machitidwe 27 anagwira ngalawa cha ku gombe la kumwera kwa chilumba chomwechi.

Elafonisi ndi zinthu ziwiri. Pali gombe la kumtunda kumene mumafikira, ndiye pali kachilumba kopapatiza, kotalika pafupifupi kilomita ndi theka, kamene kali patsidya pa madzi osaya. M'Chigiriki elafi ndi mbawala, nisi ndi chilumba, koma mbawalayo musaifune, simuiona.

Chenjerani pogula matikiti kapena posungitsa malo ogona pa intaneti. Kuli chilumba china chotchedwa Elafonisos kufupi ndi Peloponnese, chigawo cha kumwera kwa Greece, kutali kwambiri ndi Crete, ndipo nachonso chili ndi gombe lotchuka. Mayina awiriwa asocheretsapo anthu. Onetsetsani kuti palembedwa Chania kapena Kissamos, matauni a kumadzulo kwa Crete.

Mchenga wake ndi wa pinki zoona?

Inde, koma osati monga mmene mumauonera pa Instagram. Apa ndiye pamene anthu ambiri amakhumudwira, ndiye tiyeni tiuzane zoona tisanawononge ndalama.

Gombe lonselo, mukaliyang'ana muli chapatali, ndi loyera. Pinki amapezeka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, pamene funde limathera mphamvu n'kubwerera, ngati mpendero wa chitenje. Pena mzerewo ndi waukulu ngati mphasa, pena ndi wochepa ngati lamba, pena palibiretu. Zimatengera kumene mphepo ndi mafunde zaunjika mchengawo masiku amenewo. Munthu amene anapitako Lachiwiri akhoza kulumbira kuti gombe lonse linali psuu, wina amene anapitako Lachisanu n'kunena kuti anamunamiza, ndipo onsewo akunena zoona.

Ine nditafika ndinaima kaye manja m'chiuno, n'kumadzifunsa kuti ulendo wonsewu ndi wa zimenezi? Kenako ndinagwada, ndinatapa mchenga wonyowa m'manja. Unali ngati ufa wa mgaiwa womwe wina wawazamo tizidutswa ta njerwa yosinjidwa bwinobwino, tina tofiira kwambiri, tina tofiirira ngati m'kati mwa gwafa. Tizidutswa timeneti ndi zigoba za tizilombo ting'onoting'ono ta m'nyanja totchedwa foraminifera, timene timakhala pa miyala pansi pa madzi. Tikafa, mafunde amaphwanya zigobazo n'kuzisakaniza ndi mchenga woyera pamodzi ndi zigoba za nkhono zina. Mchenga ukauma mtunduwo umazimiririka. Dzuwa likakhala paliwombo umazimiririkanso, chifukwa kuwala kumachuluka. M'mawa ndi chakumadzulo ndi pamene amaoneka bwino.

Chimene zithunzi sizinama ndi madzi. Ndi oyera mbee, moti mumaona zala za kumapazi ndi tinsomba tikuzungulira akakolo, ndipo mtundu wake umasintha kuchoka pa kubiriwira kwa pafupi mpaka buluu wakuda wa kutali. Mukapita chifukwa cha madziwo, pinki n'kukhala basera, simudzadandaula.

Ndingatengeko mchenga pang'ono m'botolo kuti ndikaonetse kumudzi?

Ayi. Ndi zoletsedwa, zikwangwani zilipo, ndipo mukagwidwa mulipira chindapusa. Elafonisi ali m'gulu la malo otetezedwa a ku Ulaya lotchedwa Natura 2000. Zigobazo zimatenga nthawi yaitali kuti ziunjikane, pomwe anthu obwera m'chilimwe ndi masauzande tsiku lililonse. Aliyense atatapako ka botolo kamodzi, pakhoza kutsala dzina lokha. Eni dera amanena kuti kale pinkiyo anali wochuluka kuposa lero.

Kuchokera kwathu ndingafike bwanji ku Crete?

Palibe ndege yochoka ku Lilongwe, Blantyre, Lusaka kapena Harare yolunjika ku Greece. Mumasintha ndege kwina, monga ku Addis Ababa, Doha, Dubai kapena Istanbul, n'kukatera ku Athens. Kuchoka ku Athens kupita ku Chania pa ndege sipakwana ola. Okonda kusunga ndalama ya malo ogona amakwera sitima ya pamadzi yonyamuka usiku pa doko la Piraeus, pafupi ndi Athens, n'kukafika m'bandakucha pa doko la Souda, pafupi ndi Chania. Ndi ulendo wa maola pafupifupi 9.

Abale athu a ku Britain zawo n'zosavuta: m'chilimwe kumakhala ndege zolunjika ku Chania kuchokera ku London ndi Manchester, maola anayi basi.

Crete ali ndi mabwalo a ndege aakulu awiri, la Chania ndi la Heraklion. Ngati cholinga chanu ndi Elafonisi, sankhani Chania. Kuchokera ku Heraklion muyenda maola oposa atatu kupita kokha.

Nanga viza?

Greece ali m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, choncho okhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa ayenera kukhala ndi viza asananyamuke. Chilolezo chokhalira ku Britain sichilowa m'malo mwa viza imeneyi. Chimene amayang'ana ndi pasipoti. Amene ali ndi pasipoti ya Britain safunika viza pa ulendo waufupi.

Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wa viza ya munthu wamkulu ndi mayuro 90. Amafunanso inshulansi ya paulendo yofika mayuro 30,000, umboni wa malo ogona, tikiti yobwerera, masitetimenti a ku banki ndi kalata ya kuntchito. Viza imakulolani kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse, ngakhale nthawi zambiri amakupatsani masiku ongokwanira ulendo umene mwanena. Yambani kuyendetsa mapepala miyezi iwiri kapena itatu nthawi isanakwane, chifukwa chilimwe chikayandikira mzere umatalika.

Kuchoka ku Chania, njira yabwino ndi iti?

Ndi makilomita pafupifupi 75, koma musawawerengere ngati a msewu wowongoka. Pa galimoto ndi ola limodzi ndi theka msewu ukakhala wopanda anthu, maola awiri kukakhala mabasi a alendo.

Mumayamba ndi msewu waukulu wolowera ku Kissamos, kenako mumakhotera kumwera n'kuyamba kukwera mapiri. Mukadutsa mudzi wa Topolia msewu umakakamira ku khoma la chigwa chakuya, phompho lili pambali, ndipo pali malo amene msewu umaboola thanthwe. Mphangayo ndi yopapatiza, imalowa galimoto za mbali imodzi pa nthawi, ndiye pali maloboti. Likayaka lofiira dikirani, ngakhale muone ngati kutsogolo kulibe kanthu. Mukangotuluka pamenepo pali phanga lalikulu la Agia Sophia, lokhala ndi katchalitchi m'kati. Makwerero ake amatopetsa koma ndi malo abwino opumulirapo. Kutsogolo kuli Elos, mudzi wa mitengo ya chestnut ndi mithunzi yozizira, kumene amachita chikondwerero cha mtedza umenewu mu Okutobala. Kuchoka apo mumatsetsereka mpaka kunyanja.

Pali njira ina ya m'mbali mwa nyanja yodzera ku Platanos, Sfinari ndi Kampos. Ndi yokongola kuposa yoyambayo, koma makona ake ndi osawerengeka. Amene amachita nseru m'galimoto aipewe.

Kumbukirani zinthu zitatu. Ku Greece amayendetsa kumanja kwa msewu, chiwongolero chili kumanzere, ndipo tsiku loyamba dzanja limapita ku chitseko pofuna giya. Chachiwiri, laisensi ya kwathu payokha sikwanira kubwereka galimoto. Tengani International Driving Permit musananyamuke. Chachitatu ndi mbuzi. Zimagona pa phula penipeni pakona, ndipo hutala siziiopa.

Ine galimoto ya hayala inandiphunzitsa. Ndinasayina mapepala mothamanga, osaizungulira n'komwe, ndipo pobweza anandionetsa kamkwawu pa bampala kamene sindinkakadziwa. Umboni ndinalibe, ndinalipira. Jambulani galimoto yonse ndi foni, matayala omwe, musanatuluke pa geti.

Sindiyendetsa galimoto. Nditani?

M'miyezi ya chilimwe mabasi a kampani ya KTEL amanyamuka pa depoti ya Chania m'mawa, kudzera ku Kissamos, n'kubwerera chakumadzulo. Basiyi ndi yotchipa ndipo imasunga nthawi: si minibasi yodikira kuti idzaze, ndiye mukachedwa ndi mphindi zisanu mwatsala. Gulani tikiti dzulo lake. Vuto lake n'lakuti imakufikitsani nthawi imene aliyense akufika, n'kukuchotsani nthawi imene gombe layamba kukoma.

Makampani a alendo ali ndi mabasi awo okutengani pa hotela. Palinso boti lochokera ku tauni ya Paleochora, la pafupifupi ola limodzi, limene limayenda m'chilimwe nyanja ikakhala bata. Olimba miyendo amayenda wapansi pa njira ya oyenda pansi yotchedwa E4 kuchokera ku gombe la Krios, kumadzulo kwa Paleochora, makilomita pafupifupi 10 a miyala ndi dzuwa. Imeneyo si ya patapata.

Ndipite mwezi wanji?

Ndikanakhala inu ndikanasankha kumapeto kwa Meyi, kumayambiriro kwa Juni, kapena kuyambira pakati pa Sepitembala mpaka kumayambiriro kwa Okutobala. Mu Meyi kumapiri kumakhala kobiriwira koma madzi amakhala akadali ozizira, madigiri 19 kapena 20. Mu Sepitembala nyanja imakhala itatenthedwa chilimwe chonse, ana a sukulu a ku Ulaya abwerera kwawo, ndipo mitengo ya malo ogona imayamba kutsika.

Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi ya chikhamu. Gombeli linali lotchuka kale, ndiye mu 2025 webusaiti ya apaulendo ya Tripadvisor inaliika pa nambala 1 pa magombe onse a padziko lapansi, zinthu zinangowonjezereka. Cha m'ma 12 koloko masana a mu Ogasiti, gombe la kumtunda limakhala ngati msika wa tsiku Loweruka: maambulera kugundana, ana kulira, aliyense foni m'mwamba. Sabata ya 15 Ogasiti, tsiku lalikulu la chikondwerero cha Maria kwa Akhristu a Orthodox, Agiriki eni ake amakhalanso pa tchuthi.

Kuyambira Novembala mpaka Malichi ndi dzinja la kumeneko, la mvula ndi mphepo. Mashopu a pagombe amatseka, basi imasiya kuyenda. Nyengo zawo n'zotembenuka ndi zathu: ife tikamavala majuzi mu Juni ndi Julayi, iwo akupsa.

Ngati ndilibe mwayi wosankha mwezi, ndingathawe bwanji chikhamucho?

Funso limeneli ndiye lofunika kuposa onse, ndipo yankho lake lili pawiri.

Poyamba, lawirani. Fikani isanakwane 9 koloko, mabasi asanayambe kutsitsa anthu. Apo ayi bwerani cha m'ma 4 kapena 5 koloko madzulo pamene mabasiwo akunyamuka. Musaope mdima: mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa cha m'ma 8:30 usiku, zimene kwa ife ozolowera mdima wa 6 koloko zimakhala zodabwitsa. Njira yabwino koposa ndi kugona usiku umodzi m'tinyumba ta alendo ta pafupi ndi gombe kapena ku mudzi wapafupi wa Chrysoskalitissa, n'kudzuka ndi nkhuku.

Chachiwiri, wolokani. Anthu ambiri amangofika pamene pali mabedi a pagombe ndi zakumwa, n'kukhala pomwepo tsiku lonse. Inu senzani chikwama pamutu, monga tichitira powoloka mtsinje, lowani m'madzi. Nthawi zambiri amalekeza m'mawondo, pena m'chiuno, ndipo masiku ena pamakhala mchenga wouma moti mumadutsa osanyowa. Mukafika pa kachilumbako yendani mphindi 15 kapena 20 chakumadzulo, motsata gombe la kumwera. Pa sitepe iliyonse phokoso limachepa. Mumapeza timagombe ting'onoting'ono tobisika pakati pa miyala yakuda, pena anthu atatu, pena inu nokha, ndipo ine pinki wabwino ndinamuona kumeneko.

Koma walira mvula walira matope: pa kachilumbako palibe shopu, palibe chimbudzi, palibe mabedi, mthunzi ndi wosowa. Chimene simunanyamule mulibe.

Ndinyamule chiyani?

Madzi akumwa ochuluka, malita awiri munthu mmodzi. Chipewa, magalasi a dzuwa, kamba wa paulendo, ndi ndalama zapamanja, mayuro ang'onoang'ono, chifukwa zimbudzi ndi malo oimika galimoto n'zolipira ndipo si paliponse pamene khadi limagwira. Nsapato za m'madzi zimathandiza pa miyala. M'zaka zaposachedwa magalimoto anawaletsa kufika pafupi ndi mchenga, ndiye kuchoka poimika galimoto muyenda mphindi 10 kapena 15 pa fumbi ndi dzuwa. Katundu wolemera musiyeni ku hotela.

Chitenje musachiiwale. Ndi choyala, ndi chopukutira, ndi mthunzi mukachimanga pa miyala, ndipo mudzachifuna polowa m'tchalitchi.

Mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi ofunika ngakhale kwa ife akuda. Ndinkaseka azungu akupakana ngati akukonzekera gule, ndikumati dzuwa la ku Nsanje linandilephera, ili lingandichite chiyani? Mphepo ya pagombe imanamiza, simumva kutentha. Patatha masiku atatu mapewa anga anayamba kusupuka ngati njoka yofundula, ndipo lamba wa chikwama sankakhudzika.

Za magetsi: mapulagi awo ndi a timano tiwiri tozungulira, choncho tchaja ya mano atatu ifuna adaputala. Za nthawi: m'chilimwe Greece amakhala patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, m'dzinja lawo nthawi imafanana.

Kodi madzi ake ndi otetezeka? Ng'ona, mvuu, likodzo?

Zonsezo kulibe. Iyi ndi nyanja ya mchere, ndipo nkhono zofalitsa likodzo zimakhala m'madzi opanda mchere. Azakhali anagona tulo.

Amene munakulira ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay mudzaona kusiyana kuwiri. Madzi a mchere amanyamula thupi, mumayandama mosavuta. Koma amaluma m'maso, sangamwedwe, ndipo akauma amasiya mchere pakhungu ndi m'tsitsi. Amene mwaluka tsitsi mukalitsuke ndi madzi abwino madzulo omwewo.

Dziwe la pakati pa gombe ndi kachilumba ndi losaya komanso lofunda, n'chifukwa chake mabanja a ana aang'ono amalikonda. Ngakhale osadziwa kusambira amasangalala. Komabe mwana salekereredwa m'madzi ngakhale a m'mawondo, ndipo pali timaenje pamene pansi pamatsika mwadzidzidzi. Kunja kwa dziwelo, makamaka kumapeto kwa kachilumba, ndi nyanja yeniyeni yoyang'ana ku Libya, ndipo kukakhala mphepo madzi amakoka. Mukaona mbendera yofiira musalowe. Pa miyala pamakhala tinthu takuda taminga ngati kanungu wamng'ono. Mukatiponda minga imathyokera m'phazi. Nambala ya ngozi ndi 112. Chipatala chaching'ono chili ku Kissamos, chachikulu ku Chania, ndipo konseko n'kutali, ndiye amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku muwatenge.

Akuti kumakhala mphepo yambiri?

Kwambiri. Asodzi a kwathu ali ndi mwera, Agiriki ali ndi meltemi, mphepo ya kumpoto imene imawomba m'chilimwe, ndipo ngodya iyi ya Crete imalandiranso mphepo ya kumadzulo. Ikakwiya mchenga umaluma m'miyendo, umalowa m'chakudya, maambulera amauluka ngati makaiti. Yang'anani za nyengo dzulo lake, ndipo ngati muli ndi masiku angapo ku Chania, sungirani Elafonisi tsiku la bata.

Kodi ndiyenera kulipira kuti ndikhale pagombe?

Ayi. Malamulo a Greece amati gombe ndi la anthu onse. Chimene mumalipira ndi bedi ndi ambulera ngati mwazifuna, ndipo m'miyezi ya chikhamu zimatha m'mawa. Lamulo la mu 2024 linakhwimitsa zinthu: gawo lalikulu la gombe lililonse liyenera kusiyidwa lopanda mabedi a malonda, ndipo m'malo otetezedwa ngati ano gawolo ndi lalikulu koposa. Yalani chitenje chanu paliponse pamene pali mpata, kupatula kuseri kwa zingwe.

Zingwezo n'za chiyani?

Zimateteza timapiri ta mchenga ndi zomera zake. Kuli maluwa oyera onunkhira amene amatuluka mu mchenga wotentha kumapeto kwa chilimwe, kuli mitengo ya juniper yopindikapindika imene imakula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo kuli kaduwa kosowa kotchedwa Androcymbium rechingeri kamene kamaphuka m'dzinja ndipo kamapezeka malo ochepa zedi padziko. Akamba a m'nyanja a mtundu wa Caretta caretta amaikira mazira m'magombe a Crete, ndiye mukaona kakhola ka waya kapena timitengo tozungulira malo ena pa mchenga, ndi chisa, chilambalaleni. Kusonkha moto, kumanga tenti ndi kuthyola maluwa n'koletsedwa. Zinyalala zanu bwererani nazo.

Anthu amavala bwanji? Ndikupita ndi apongozi.

Konzekerani mtima, ndipo akonzekeretseni iwonso. Mabikini ndi nkhani wamba, amayi ena amaothera dzuwa chifuwa chili pamtunda, ndipo ku timagombe takutali ta pa kachilumba mukhoza kukumana ndi munthu ali chibadwire akuwerenga nyuzipepala. Palibe amene amayang'ana mnzake. Chimodzimodzi inu mukalowa m'madzi ndi tisheti ndi kabudula wamtali palibe adzakufunseni. Ndi apongozi, khalani pa gombe la kumtunda pamene pali mabanja.

Mukachoka pa mchenga, valani. Anthu a m'midzi ya ku Crete ndi osunga mwambo, ndipo kulowa m'lesitanti ya pamudzi ndi zovala zosambira n'kupanda ulemu.

Chakudya chili bwanji?

Pagombe penipeni pali tima shopu togulitsa masangweji, zakumwa ndi khofi wozizira, pa mtengo wa pagombe. Chakudya chenicheni chili m'ma taverna, malesitanti achigiriki a m'njira, ku Chrysoskalitissa, Kefali kapena Elos.

Yambani ndi dakos: buledi wouma gwa wa balere, wothiridwa tomato wopala, mafuta a olivi ndi tchizi chofewa chotchedwa mizithra. Kalitsounia ndi tizitumbuwa ta tchizi kapena masamba. Nyama ya mbuzi ndi ya nkhosa amaidziwa kuphika. Koma chimene chinandiseketsa ndi horta, masamba owiritsa othira mafuta ndi ndimu. Nditafunsa kuti ndi masamba anji anandiuza kuti vlita, ndipo nditalawa ndinapeza kuti ndi bonongwe yemwe timazula kudimba, kungoti wopanda tomato ndi nsinjiro. Therere lobala nalonso amadya, amalitcha bamies. Nkhono zokazinga ndi chakudya chonyadira cha ku Crete, ine ndinalephera.

Mukamaliza kudya amabweretsa kabotolo ka tsikoudia, ena amati raki, pamodzi ndi zipatso kapena kotsekemera, zaulere. Ndi kachasu wa mphesa, ndipo amatentha pakhosi mofanana. Kukana mwaulemu sikulakwa, makamaka mukakhala kuti makona a ku Topolia akukudikirani.

Kanthu kamodzi ka ku chimbudzi kamene palibe amene amakuuzani: tishu saponya m'chimbudzi, amaponya m'kabini kamene kali pambali, chifukwa mapaipi awo ndi aang'ono.

Ndiphunzire mawu ati a Chigiriki?

Achinyamata ndi onse ogwira ntchito za alendo amalankhula Chingerezi. Koma moni amatsegula nkhope: kalimera m'mawa, kalispera madzulo, yia sas kwa munthu wamkulu kapena gulu, efcharisto pothokoza. Samalani ndi mawu akuti ne: amamveka ngati kukana koma amatanthauza inde. Ndipo musatambasulire munthu chikhatho, zala zonse zisanu zitayang'ana kunkhope kwake, monga tichitira poimitsa galimoto kapena pouza munthu kuti adikire. Kumeneko ndi chipongwe chachikulu chotchedwa moutza.

Ndaona pa mapu kuti pa kachilumbako pali chikumbutso. N'cha chiyani?

Ambiri amene amajambula pagombeli sadziwa kuti aima pa manda. Mu Epulo 1824, pa nthawi ya nkhondo ya Agiriki yofuna kudzilamulira, anthu mazanamazana a m'midzi yozungulira, ambiri amayi ndi ana, anathawira pa kachilumbaka pobisalira asilikali a ufumu wa Ottoman wa ku Turkey ndi a ku Egypt amene anatumizidwa kudzathetsa kuukirako. Ankakhulupirira kuti madzi awateteza. Asilikaliwo anatulukira kuti madziwo ndi osaya, anawoloka pamene alendo amawolokera lero, ndipo anapha ambiri, otsala n'kuwatenga ukapolo. Pali mwala wa chikumbutso pamalo okwera a kachilumbako. Crete anadzalowa m'dziko la Greece mu 1913, patatha zaka 89.

Nyanja nayonso inatengapo anthu ake. Mu Febuluwale 1907 sitima ya kampani ya Austrian Lloyd yotchedwa Imperatrix, yochokera ku Trieste kupita ku Bombay, inagunda miyala ya pamenepa kuli chimphepo, ndipo anthu pafupifupi 40 anafa. Ngoziyi itachitika anamanga nsanja ya nyali yowongolera sitima, imene asilikali a Germany anaigwetsa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mukayenda mpaka kumapeto kwa kachilumba mupeza nyali ya masiku ano ndi katchalitchi ka Agia Irini. Kupita ndi kubwera ndi ola limodzi kapena kupitirira, pa mchenga ndi miyala, ndipo ndi ochepa amene amafikako.

Pali chinanso choona pafupi?

Makilomita asanu musanafike pagombe pali nyumba ya amonke ya Chrysoskalitissa, yoyera mbuu, yokhala pamwamba pa thanthwe loyang'ana nyanja. Dzinalo limatanthauza khwerero la golide. Nthano yake imati limodzi mwa makwerero okwerera kumeneko ndi la golide, koma amaliona ndi munthu wopanda tchimo yekha. Ndinakwera pang'onopang'ono, maso pansi, ndipo onse anali a mwala. Polowa phimbani mapewa ndi mawondo. Apa ndi pamene chitenje chija chimagwira ntchito.

Chakum'mawa kwa Elafonisi, kilomita imodzi kapena awiri, kuli Kedrodasos, gombe la mitengo ya juniper lopanda shopu kapena bedi, lofikako wapansi.

Ndili ndi tsiku limodzi lokha. Elafonisi, Balos kapena Falasarna?

Magombe onse atatuwa ali kumadzulo kwa Crete ndipo musayese kuwaphatikiza tsiku limodzi, mudzangoona phula. Balos ndi wokongola koposa mukamuyang'ana muli pamwamba, koma kufikako ndi ntchito: msewu wa fumbi ndi miyala umene makampani ambiri a galimoto za hayala salola, kenako kutsika phiri wapansi n'kudzalikweranso dzuwa lili pamutu, apo ayi boti lochokera pa doko la Kissamos lodzera pa chilumba cha Gramvousa. Falasarna ndi wapafupi, wotakasuka, wa mafunde, wabwino kwa odziwa kusambira ndi okonda kuona dzuwa likulowa. Kumeneko kulinso mabwinja a doko lakale limene lero lili pamtunda, chifukwa chivomezi cha m'chaka cha 365 chinatukula dera lonselo mamita angapo.

Ngati muli ndi ana, okalamba kapena anthu oopa madzi, pitani ku Elafonisi. Nyamukani ku Chania isanakwane 7 koloko, thirirani mafuta okwanira musanayambe kukwera mapiri, ndipo pobwerera musadikire mdima wandiweyani, chifukwa msewu wa kumapiriwo ulibe magetsi ndipo mbuzi zija zimakonda phula lofunda usiku.